Masiku Amene Adatembenuza Mbiri ya Ethiopia

Mu mzinda wa Blantyre muli mseu wotchedwa Haile Selassie, ndipo pamwamba pa phiri la Zomba pali malo oonerapo dziko amene adapatsidwa dzina pokumbukira ulendo wa mfumu yomweyo ku Malawi m'chaka cha 1965. Ambiri mwa anthu oyenda mumseuwo adamva kusukulu kuti Ethiopia ndilo dziko la mu Africa limene lidagonjetsa gulu lankhondo la Azungu ku Adwa mu 1896 ndi kusunga ufulu wake. Zimenezo n'zoona. Koma munthu wodziwa tsiku limodzi lokhalo angayese kuti dzikolo lidapulumuka chifukwa cha kulimba mtima kwa ankhondo ake basi, pamene kulimba mtima kudalipo ponseponse. Azulu, Amandebele ndi Angoni sadali anthu amantha, komabe onsewo adagonja.

Tsono funso loyenera kufunsa ndi lakuti: n'chiyani chidaimiritsa dziko la Ethiopia pa nthawi zina, ndi kuligwetsa pa nthawi zina? Munthu akatsata mbiri yake kuyambira 1529 kufikira 1991 apeza kuti nkhondo zambiri zidali zitagamulidwa kale tsiku lomenyana lisanafike. Zidagamulidwa pa doko pomwe mfuti zinkatsikira, m'mabwalo momwe mafumu a zigawo ankagwirizana kapena kupatukana, ndiponso pa matebulo a alembi, pomwe pankalembedwa makalata, mapangano ndi misonkho.

MFUTI ZIKWERA KUMAPIRI

Ufumu wa Chikhristu wa kumapiri a Ethiopia ndi wakale ndithu. Mfumu Ezana ya ku Aksum idalandira Chikhristu m'zaka za m'ma 300, ndipo banja lachifumu limene linkati lidachokera kwa Solomo lidatenga mpando mu 1270 mwa Yekuno Amlak. Kum'mawa, m'zigwa zotsikira kunyanja, kudali maufumu a Asilamu, ndipo wamphamvu mwa onsewo udali wa Adal, umene likulu lake lidali Harar. Mbali ziwirizi zinkalimbana pa za chipembedzo, komanso pa njira zamalonda zopita ku doko la Zeila.

Mu March 1529 mtsogoleri wa Adal, Imam Ahmad ibn Ibrahim, amene adani ake ankamutcha Gragn, ndiko kuti Wamanzere, adagonjetsa Mfumu Lebna Dengel pa malo otchedwa Shimbra Kure. M'zaka zotsatira adalanda pafupifupi dziko lonse la kumapiri, natentha matchalitchi ndi nyumba za amonke zambiri. Lebna Dengel adakhala wothawathawa kufikira imfa yake mu 1540, koma asanafe adatumiza mau kwa mfumu ya Portugal kupempha thandizo. Mu 1541 Apwitikizi 400 onyamula mfuti adatsika pa doko la Massawa, motsogozedwa ndi Cristóvão da Gama, mwana wa Vasco da Gama uja adazungulira Africa pa chombo kupita ku India.

Imam ataona kuopsa kwa mfutizo, nayenso adapempha thandizo kwa Aturuki amene ankalamulira ku Yemen, ndipo iwo adamutumizira asilikali mazana angapo a mfuti pamodzi ndi mizinga. Ku Wofla mu August 1542 adagonjetsa Apwitikizi, nagwira da Gama n'kumupha. Apa ndi pomwe adalakwa, pakuti poyesa kuti nkhondo yatha, adabweza Aturuki ambiri kwao. Pa 21 February, 1543, ku Wayna Daga, kum'mawa kwa nyanja ya Tana, mfumu yatsopano Gelawdewos pamodzi ndi Apwitikizi otsala adamuthira nkhondo. Imam adaomberedwa nafa, ndipo ankhondo ake adabalalika tsiku lomwelo. Ulamuliro umene adaumanga m'zaka 14 udali utatsamira pa iye yekha.

Mbali zonse ziwiri zidatuluka m'nkhondoyo zitatheratu mphamvu. Anthu a mtundu wa Oromo adayamba kufalikira kuchokera kumwera nakhazikika m'madera ambiri, ndipo mu 1557 Aturuki adalanda Massawa. Kuyambira pamenepo ufumu wa kumapiri udakhala wopanda khomo lakelake lotulukira kunyanja, pa nthawi imene zidali zitaonekeratu kuti mfuti ndi wonga zimadzera kunyanjako.

MLENDO ASANDUKA MTOLO

Pambuyo pa asilikali a Chipwitikizi padabwera ansembe a chipani cha Jesuit. Mmodzi wa iwo, Pedro Páez, adali munthu wodekha amene adaphunzira zinenero za dzikolo, ndipo adakopa Mfumu Susenyos, imene idalengeza mu 1622 kuti yalowa mpingo wa Roma. Páez adamwalira chaka chomwecho. Afonso Mendes, amene adafika mu 1625 monga mkulu wa mpingo, adalamula kuti anthu abatizidwenso, ansembe adzozedwenso, ndi kuti miyambo yakale ya mapemphero ilekeke. Dziko lidaukira. Mu 1632 Susenyos adapambana nkhondo yaikulu yolimbana ndi anthu ake omwe, koma ataona mitembo ya alimi zikwi zingapo, adabwezeretsa chipembedzo chakale nasiyira ufumu mwana wake Fasilides. Fasilides adapirikitsa ansembe achilendowo, ndipo cha m'ma 1636 adamanga likulu lake ku Gondar. Kuyambira nthawi imeneyo olamulira a Ethiopia ankamuyang'anitsitsa Mzungu aliyense wobwera ndi mphatso, nafunsa chimene ankafuna kutengapo.

M'kupita kwa zaka mafumu a ku Gondar adafooka. Mu 1769 Ras Mikael Sehul wa ku Tigray adapha Mfumu Iyoas naika wina wa kumtima kwake. Idayamba nyengo ya zaka 86 imene eni dziko amaitcha Zemene Mesafint, ndiko kuti Nyengo ya Akalonga. Mfumu ya Mafumu inkangokhala m'nyumba yachifumu yopanda asilikali ndi msonkho, pamene akalonga a Tigray, Gojjam, Yejju ndi Shewa ankalamulira aliyense kwake ndi kumenyana okhaokha. Wovutika adali mlimi, pakuti asilikali a nthawi imeneyo sankalandira malipiro. Ankadya zimene apeza m'nkhokwe za m'midzi imene adutsamo.

KALATA YOSAYANKHIDWA

Amene adathetsa nyengoyo adali Kassa Hailu wa ku Qwara, kumalire ndi Sudan. Mu 1848 iye adaputa asilikali a Egypt ku Dabarki, ndipo ankhondo ake ambiri adaphedwa ndi gulu lodziwa perete ndi kuomba mizinga. Sadaiwale zimenezo moyo wake wonse. Atagonjetsa akalonga mmodzimmodzi, adavekedwa ufumu pa 11 February, 1855, natenga dzina la Tewodros II. Chimene ankafuna chidali gulu limodzi lankhondo lolandira malipiro kuchokera ku Boma, oyang'anira zigawo osankhidwa ndi iye mwini, ndi mizinga yosulidwa m'dziko momwemo. Ku Gafat adaika amisiri a Chizungu pa ntchito yosula mizinga, ndipo waukulu koposa, wotchedwa Sebastopol, unkalemera pafupifupi matani 7.

Zonsezi zinkalira ndalama, ndipo pamene adafuna kuchepetsa minda ya mpingo yosakhoma msonkho, adadana ndi ansembe. Akalonga nawo adamuukira, iye nabwezera ndi nkhanza zoopsa, ndipo nkhanzazo zidabala kuukira kwina. Mu October 1862 adalembera kalata Mfumukazi Victoria kupempha ubwenzi ndi thandizo polimbana ndi Aturuki ndi Egypt. Kalatayo idafika ku London mu February 1863, ndipo akuluakulu a ofesi yoona za maiko akunja adangoiika m'fayilo osaiyankha. England pa nthawiyo inkafuna thonje la ku Egypt, popeza nkhondo ya pachiweniweni ya ku America idali itadula thonje la kumeneko. Tewodros adayesa kukhala cheteko chipongwe, ndipo mu January 1864 adamanga unyolo kazembe wa Angerezi, Cameron, pamodzi ndi Azungu ena. Yankho la Mfumukazi lidamufika mu January 1866, madzi atatayika kale.

Angerezi adatumiza Sir Robert Napier kuchokera ku India ndi asilikali 13,000 ndi njovu 44 zonyamula mizinga. Adayenda mamailosi pafupifupi 400 kuchokera kunyanja kufika pa phiri la Magdala, ndipo panjira yonseyo panalibe kalonga amene adawatsekereza. Kassa Mercha wa ku Tigray adawagulitsa chakudya nawalola kudutsa m'dziko lake. Pa 10 April, 1868, ankhondo ochepa amene adatsalira Tewodros adagonja ku Aroge, ndipo pa 13 April mfumuyo idadziombera yokha pokana kugwidwa. Angerezi adatenga mabuku akale ndi chuma cha mpingo nabwerera kwao. Ulendowo udadya mapaundi pafupifupi 9 miliyoni, ndipo chiyambi chake chidali pepala limodzi logonekedwa m'kabati. Koma chimene chidagwetsa Tewodros kwenikweni n'chakuti pofika 1868 adali atatsala yekha.

ADANI MBALI ZITATU

Pochoka, Napier adasiyira Kassa Mercha mfuti ndi mizinga monga mphotho, ndipo ndi zida zimenezo Kassa adagonjetsa opikisana naye, navekedwa ufumu mu January 1872 monga Yohannes IV. Iye adatsata njira yosiyana ndi ya Tewodros. Adalola Menelik kukhala mfumu ya Shewa ndi Tekle Haymanot kukhala mfumu ya Gojjam, malinga avomereze kuti iye ndiye wamkulu ndi kupereka msonkho. Ngalande ya Suez idali itatsegulidwa mu 1869, kotero kuti Nyanja Yofiira idasanduka mseu waukulu wa zombo za maiko onse. Egypt idayesa kulanda kumpoto kwa Ethiopia, koma Yohannes adaigonjetsa ku Gundet mu November 1875 ndi ku Gura mu March 1876, nalanda mfuti zamakono zikwi zambiri.

Mu June 1884 Angerezi adapangana naye kuti athandize kutulutsa asilikali a Egypt amene adazingidwa ndi ankhondo a Mahdi m'malire a Sudan, ndipo iwo adalonjeza kuti katundu wake, ngakhale mfuti zomwe, azidutsa pa Massawa popanda chotchinga. Yohannes adachita mbali yake. Patangopita miyezi 8, Angerezi adalola Italy kulanda Massawa. Mataliyana adayamba kukwera kumtunda, ndipo Ras Alula adaononga gulu lao la asilikali pafupifupi 500 ku Dogali mu January 1887. Pamenepo Yohannes adali pakati pa Mataliyana kumpoto, ankhondo a Mahdi kumadzulo, ndi Menelik kumwera, amene ankalandira mfuti kwa Mataliyana omwewo. Adafera pa nkhondo yolimbana ndi a Mahdi ku Metemma mu March 1889.

NDIME 17

Pa 2 May, 1889, pamudzi wa Wuchale, Menelik adasaina pangano la ubwenzi ndi Count Pietro Antonelli, nthumwi ya Italy. Panganolo lidalembedwa m'zinenero ziwiri. M'Chiamhariki, ndime 17 inkati mfumu ya Ethiopia ikhoza kudzera ku Boma la Italy, itafuna, pokambirana ndi maboma ena. M'Chitaliyana ndime yomweyo inkati mfumuyo yavomera kudzera ku Italy pa nkhani zake zonse ndi maiko akunja. Kusiyanaku kudali kwa mau ochepa, koma m'maso mwa maiko a ku Ulaya, dziko limene nkhani zake zakunja zili m'manja mwa lina lidali pansi pa linzakelo. Potsata zimene adapangana ku Berlin mu 1885, Italy idadziwitsa maboma anzake mu October 1889 kuti Ethiopia ili pansi pa chitetezo chake, ndipo pa 1 January, 1890, idatcha dera limene idagwira kumpoto dzina la Eritrea.

Menelik adazindikira chinyengocho mu 1890, pamene mayankho a Mfumukazi Victoria ndi mfumu ya Germany adamuuza kuti nkhani zake zizidzera ku Rome. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Iye adafananitsa zolembedwa ziwirizo, nalembera Mfumu Umberto ya Italy kukana ndimeyo, ndipo mkazi wake Taytu Betul ndiye adalimba koposa pa nkhaniyo. Koma sadathamangire nkhondo. Dziko lidali pa njala yoopsa ya 1888 mpaka 1892, imene idabwera ndi mliri wa ng'ombe wolowera pa Massawa. Mliri womwewo udatsikira kumwera, nupha ng'ombe za kumpoto kwa nyanja ya Malawi cha m'ma 1892, nuoloka Zambezi mu 1896. Ku Ethiopia, komwe amalima ndi ng'ombe, kufa kwa ziwetozo kudali kufa kwa minda.

Menelik adagwiritsa zaka zimenezo pokonzeka. Mu 1892 adakhazikitsa msonkho wa chakhumi cha zokolola kuti asilikali azidya za m'nkhokwe za Boma m'malo molanda m'midzi. Adagula mfuti kwa amalonda a ku France ndi ena kudzera ku Djibouti, nalipira ndi minyanga, golide ndi khofi. Chuma chimenechi chidachokera kwakukulu m'maiko a kumwera ndi kum'mawa amene adawagonjetsa ndi nkhondo, monga Arsi mu 1886, Harar mu 1887 ndi Wolaita mu 1894, ndipo anthu a kumeneko adataya miyoyo ndi minda, ena natengedwa ukapolo. Adabweza ngongole imene adatenga ku Italy, ndipo mu February 1893 adalengeza kuti pangano la Wuchale latha.

TSIKU LA KU ADWA

Mataliyana atalowa m'kati mwa Tigray, Menelik adaliza ng'oma ya nkhondo mu September 1895. Italy inkayembekeza kuti akalonga amukana, pakuti idataya nthawi ndi mphatso zambiri powanyengerera. Sizidatero. Adabwera Ras Makonnen wa ku Harar, Ras Mikael wa ku Wollo, Mfumu Tekle Haymanot ya Gojjam, ndiponso Ras Mengesha, mwana wa Yohannes, ndi Ras Alula, amene adali ndi zifukwa zodana ndi Menelik. Onse pamodzi adali ankhondo pafupifupi 100,000, ambiri a iwo ali ndi mfuti. Adagonjetsa gulu la Mataliyana ku Amba Alagi mu December 1895, ndipo ku Mekelle adazinga linga nalanda kasupe wa madzi, nzeru imene mbiri imati idali ya Taytu, mpaka a m'lingamo adatuluka mu January 1896.

M'mwezi wa February magulu awiriwo adangoyang'anana pafupi ndi Adwa, ndipo onse chakudya chidali kuwathera. Mkulu wa asilikali a Italy, Oreste Baratieri, adali m'malinga olimba, ndipo akadadikira masiku owerengeka, njala ikadakakamiza khamu la Menelik kusamuka. Koma Nduna Yaikulu Francesco Crispi idamutumizira lamya yomudzudzula kuchokera ku Rome, yofuna chipambano msanga. Usiku wa pa 29 February Baratieri adatulutsa asilikali pafupifupi 17,000, Azungu ndi a ku Eritrea, m'magulu anai. Mapu ao adali olakwika. Gulu la Albertone lidapitirira malo amene lidauzidwa ndi mamailosi angapo, ndipo kutacha pa 1 March lidapezeka lokha pafupi ndi msasa wa Menelik. Gulu la Dabormida lidasokera m'chigwa china. Motero magulu adamenyedwa limodzilimodzi, osatha kuthandizana.

Pofika madzulo, mbali ya Italy idali itataya anthu oposa 6,000 ophedwa ndi pafupifupi 3,000 ogwidwa, pamodzi ndi mizinga yake yonse. Akuluakulu a nkhondo awiri, Arimondi ndi Dabormida, adafera pomwepo. Ankhondo a Ethiopia nawo adafa zikwi zingapo. Asilikali a ku Eritrea ogwidwa adaweruzidwa ngati opandukira dziko, ndipo mazana a iwo adadulidwa dzanja lamanja ndi phazi lamanzere. Boma la Crispi lidagwa m'masiku ochepa, ndipo pa 26 October, 1896, Italy idasaina pangano ku Addis Ababa lofafaniza la Wuchale ndi kuvomereza ufulu wonse wa Ethiopia. M'mwezi womwewo, m'dziko limene tsopano ndi Malawi, Inkosi Gomani ya Angoni idagwidwa ndi kuphedwa ndi asilikali a Boma la Angerezi. Iyo idalimbana nao yokha, mafumu ena atagonja kale mmodzimmodzi, ena akungoyang'ana.

Menelik sadapitirire kukalanda Eritrea, popeza ankhondo ake adalibe chakudya ndipo Italy idali kutumiza asilikali ena. Massawa idatsala m'manja mwa Mataliyana, ndipo malire amene adadulidwa m'zaka zimenezo adadzabala nkhondo zina m'tsogolo.

PATAPITA ZAKA 40

Haile Selassie, mwana wa Ras Makonnen, adavekedwa ufumu pa 2 November, 1930. Iye ndiye adalowetsa Ethiopia m'bungwe la League of Nations mu 1923, akali wogwirizira mpando, pokhulupirira kuti pangano la bungwelo lidzateteza maiko ang'onoang'ono. Pa 3 October, 1935, Benito Mussolini adathira nkhondo kuchokera ku Eritrea ndi ku Somaliland, ndi asilikali mazana a zikwi, ndege, akasinja ndi mpweya wa poizoni. Mu 1896 mfuti za mbali ziwirizo zidali zosasiyana kwenikweni. Mu 1935 Ethiopia idalibe gulu la ndege zankhondo, ndipo m'miyezi yokonzekera nkhondo England ndi France zidaletsa kugulitsa zida ku mbali zonse ziwiri, chiletso chimene chidapweteka wosauka yekha, pakuti Italy inkasula zake.

League idatsutsa Italy niika zilango zamalonda, koma sidaletse mafuta, ndipo ngalande ya Suez idakhala yotsegukira zombo za Mussolini. Umodzi uja wa ku Adwa nawo udali utasweka. Haile Selassie Gugsa, kalonga wa kum'mawa kwa Tigray ndiponso mkamwini wa mfumu, adapita kwa Mataliyana nkhondo itangoyamba. Mfumu idagonja ku Maychew pa 31 March, 1936, ndipo pa 5 May Marshal Badoglio adalowa mu Addis Ababa. Pa 30 June Haile Selassie adalankhula pamaso pa League ku Geneva, nachenjeza kuti nkhaniyo idali yokhudza chitetezo cha maiko ang'onoang'ono onse ndi moyo wa bungwelo, koma m'mwezi wotsatira zilango zija zidachotsedwa. Iye adakakhala ku Bath, m'dziko la England.

Komabe Italy idagwira mizinda ndi miseu, midzi yambiri ayi. Ankhondo a m'tchire, otsogozedwa ndi anthu onga Abebe Aregai ndi Belay Zeleke, adapitiriza kumenya. Pa 19 February, 1937, anyamata awiri adaponyera mabomba Bwanamkubwa Graziani, ndipo Mataliyana adabwezera popha anthu zikwizikwi mu Addis Ababa kwa masiku atatu, nasakasaka makamaka anthu ophunzira. Mu May adaphanso amonke a ku Debre Libanos. Nkhanzazi zidangochulukitsa olowa m'tchire.

Zinthu zidatembenuka pamene Italy idalowa m'Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse pa 10 June, 1940, ndipo Angerezi adaitsekera Suez, kotero kuti asilikali ake a ku Ethiopia sadathenso kulandira mafuta ndi zida kuchokera kwao. Asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles adamenya nao nkhondoyi, ku Moyale pamalire a Kenya mu July 1940, ndi ku Tug Argan m'dziko la British Somaliland mu August, komwe adali pamodzi ndi a Northern Rhodesia Regiment. Mu 1941 magulu a General Platt ochokera ku Sudan adathyola malinga a ku Keren, a General Cunningham ochokera ku Kenya adalowa mu Addis Ababa pa 6 April, ndipo mfumu idabwerera mumzindawo pa 5 May, zaka zisanu zenizeni chilowereni Badoglio. Mataliyana otsiriza adagonja ku Gondar pa 27 November.

NJALA YOBISIDWA

Ulemu wa Haile Selassie kunja udafika pachimake pa 25 May, 1963, pamene maiko 32 adakhazikitsa bungwe la Organisation of African Unity ku Addis Ababa. Koma m'kati mwa dziko mudali ming'alu. Eritrea, imene United Nations idaiphatikiza ndi Ethiopia m'chitaganya mu 1952 ili ndi nyumba yake ya malamulo, idasandutsidwa chigawo wamba mu 1962, ndipo nkhondo ya kumeneko idatenga zaka 30. Kumwera, alimi ambiri ankalima minda ya eni malo ndi kupereka gawo lalikulu la zokolola, ndipo malamulo okonza zimenezi ankafera m'nyumba ya malamulo yodzala ndi eni malo omwewo. Asilikali olondera mfumu adayesa kulanda Boma mu December 1960, koma chenjezolo silidamveke.

Mu 1973 njala idapha anthu zikwi makumimakumi ku Wollo ndi ku Tigray. Akuluakulu a Boma adadziwa, koma adabisa poopa manyazi, mpaka mtolankhani wa ku England, Jonathan Dimbleby, adaionetsa pa kanema mu October chaka chimenecho. Mu January 1974 asilikali wamba a ku Negele adatsekera akuluakulu ao chifukwa cha chakudya choipa ndi kusowa kwa madzi. Mu February oyendetsa matakisi adanyanyala ntchito chifukwa cha kukwera mtengo kwa petulo, ndipo aphunzitsi adanyanyala podandaula za malipiro ndi pokana ndondomeko yatsopano ya maphunziro. Komiti ya asilikali yotchedwa Derg idalanda mphamvu pang'onopang'ono, nichotsa mfumu pa 12 September, 1974. Ufumu umene udapirira Imam Ahmad ndi Mussolini udagwa popanda nkhondo.

Derg idalanda minda kwa eni malo mu March 1975, koma idalamulira mokhetsa magazi, makamaka Mengistu Haile Mariam atakhala mtsogoleri wake mu 1977. Ndi zida za Soviet Union ndi asilikali a Cuba idapirikitsa Somalia m'dera la Ogaden mu 1978, nimanga gulu lankhondo limodzi mwa aakulu koposa mu Africa. Komabe idakakamiza alimi kugulitsa zokolola ku Boma pa mtengo wotsika, idagwira ana ao kupita nao kunkhondo, ndipo njala ya 1984 ndi 1985 idapha anthu mazana a zikwi. Thandizo la Soviet Union litayamba kuphwa, Massawa idagwa m'manja mwa omenyera ufulu wa Eritrea mu February 1990. Mengistu adathawira ku Zimbabwe pa 21 May, 1991, ndipo patapita sabata imodzi ankhondo a gulu la EPRDF adalowa mu Addis Ababa. Eritrea idakhala dziko loima palokha pa 24 May, 1993, ndipo Ethiopia idatsalanso yopanda doko.

ZOTOLAPO

Mphunzitsi wophunzitsa mbiri imeneyi achita bwino kulemba 1868, 1896 ndi 1936 pa bolodi limodzi. Mapiri adali omwewo, ndipo kulimba mtima kwa anthu sikudasinthe. Mu 1868 asilikali 13,000 adayenda mamailosi 400 popanda wowaletsa, chifukwa mfumu idali itadana ndi akalonga, ansembe ndi alimi. Mu 1896 asilikali 17,000 adagonja tsiku limodzi, chifukwa Menelik adatha zaka 6 akusonkhanitsa mfuti, chakudya ndi anthu, monga nkhanga zija zidapangana kusanapse. Mu 1936 mapangano a ku Geneva sadathe kulowa m'malo mwa ndege ndi zida.

Wantchito wa Boma naye ali ndi chake chotolapo. Kalata ya 1862 idagona m'fayilo. Ndime 17 idasainidwa zinenero ziwirizo zisanafananitsidwe mosamala. Mapu a Baratieri adali olakwika, ndipo malipoti a njala ya 1973 adabisidwa. Zonsezi zidali ntchito za muofesi zimene pa tsikulo zinkaoneka zazing'ono, ndipo amene adafa nazo adali anthu osawaona n'komwe mapepalawo.

Nkhani za doko, za malire ndi za ubale wa zigawo ndi likulu sizidathere mu 1991. Ethiopia ndi Eritrea zidamenyana kuyambira 1998 mpaka 2000 polimbirana malire amene adadulidwa m'masiku a Menelik, ndipo nkhondo ya ku Tigray imene idabuka mu 2020 idaimitsidwa ndi pangano losainidwa ku Pretoria pa 2 November, 2022. Katundu wambiri wa Ethiopia amadzera pa doko la Djibouti, limene lili m'dziko la eni. Akulu adanena kuti mlandu suola, ndipo wa khomo lotulukira kunyanja, umene udayamba pamene Aturuki adalanda Massawa mu 1557, ukali pabwalo.